Waganyu Amawerenga Mizere

M'bokosi lachitsulo limene lili kunsi kwa bedi langa muli kope lachikuto chofiira, lodyedwa ndi njenjete m'mbali. Ndinaligwiritsa ntchito zaka 14, kuyambira mu 1989, pamene ndinali mlembi wa bwalo la akulu a mpingo kwathu kuno, kufupi ndi Mkaika. Ndinkayamba kulembamo milandu ndisanaikopere m'buku lalikulu. Tsamba lililonse ndinalidula ndi rula monga mphunzitsi amadulira kaundula wa ana: dzina, mudzi, mlandu, chilango, tsiku lobwerera. Auje anapezeka pamowa. Auje anakaonerera gule pamaliro a atsibweni awo. Uje watenga pathupi ukwati usanadalitsidwe. Ndikalitsegula lero ndimadabwa kuti m'masamba onsewo dzina la Mulungu mulibe ngakhale kamodzi. Sindinalisiye dala. Pamene ndinkadula tsambalo sindinaganize zolisungira malo.

Akulu anzanga aja anali anthu abwino, ndipo ambiri anatsogola kale. Mlandu umene ndikuzenga pano ndi wa mwini kope.

Amayi anga analembedwapo m'kope lotere ine ndisanadziwe kugwira rula. Atate anamwalira ndili Giredi 5. Nditasankhidwa kupita ku Fomu 1 mu 1972, sukulu inali yaulere, koma bulangete, nsapato, yunifolomu, sopo ndi ndalama ya basi sizinali zaulere. Nsawa za chaka chimenecho zinakanika. Amayi anayamba kufulula mowa wamasese. Ndimakumbukira chimera chitayanikidwa pamphasa kuseri kwa nkhokwe, mgolo wakuda uli pamafuwa, ndi ma ngwee amene ankamanga pamfundo ya chitenje mpaka mfundoyo kukula ngati chibakera cha mwana. Nkhani inafika kwa akulu, ndipo anawaimitsa Mgonero. Zaka 7 zathunthu, mpaka ine kumaliza kosi yauphunzitsi, ankakhala pabenchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Tsiku la Mgonero mbale ya mkate inkabwerera itatsala pang'ono kuwafika. Komabe sanajombepo Lamulungu ngakhale limodzi.

Ndikabwera patchuthi ndinkakhala kutsogolo ndi anyamata anzanga a kwaya, nsapato zogulidwa ndi mowa zili kuphazi, manyazi atandigwira osatha kucheuka. Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti dzina langa silidzalowa m'buku la milandu. Lumbirolo ndinalisunga. Sindinamwepo, sindinasutepo, chopereka changa sichinachedwepo, ndipo khadi langa linkadzaza mwezi ndi mwezi. Anthu ankandilozera ana awo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu angathe kusunga zonsezi, koma Mwini wake wa zonsezi osamudziwa n'komwe.

Kaganizidwe kotereka sindinakayambe ndine. Amishoni a Chidatchi anamanga Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, kenako Nyanje mu 1905, kumene tsopano ndi boma la Sinda. Akatolika ndi a Anglican nawo anadza ndi mamishoni awo. Anatibweretsera sukulu, zipatala, ndi Baibulo la m'chilankhulo chathu, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa ubusa, chizindikiro chakuti mbewu inali itamera m'nthaka yathu. Koma pofika kuno anapeza mowa, mitala, chinamwali ndi dambwe, ndipo anafuna njira yodziwira amene watembenukadi. Mtima suoneka. Mtsuko wa mowa umaoneka. N'chifukwa chake funso lakuti "Kodi auje ndi Mkhristu?" tinazolowera kuliyankha potchula zimene sachita: samwa, savina, sasuta, alibe mkazi wachiwiri. Tikati tiyese ndi muyeso umenewo wokha, chitsa cha mtondo chili pakati pa munda wanga ndicho Mkhristu woposa tonse, pakuti sichinachitepo chilichonse mwa zimenezi.

Zaka zambiri ku Kulamba sindinkapitako, ngakhale kuti ng'oma zake zimamveka ndili pakhonde panga. Mwambowu atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unadzatsitsimutsidwa mu 1984. Nditakalamba ndinapita kukadzionera ndekha. Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amafika pa Mkaika mmodzimmodzi, kudzapereka mphatso ndi kufotokoza za anthu awo kwa Kalonga Gawa Undi. Mfumu imene kwawo anthu amaigwadira, pano imagwada ndiyo. Munthu wamba salumpha n'kukalankhula ndi Kalonga. Mawu ake amadzera kwa nyakwawa, kwa mfumu, kwa nduna. Ndili m'fumbi muja ndinazindikira kuti Mulungu wanga ndinkamuona chimodzimodzi: ali patali pampando, ine ndabwera ndi mtulo wanga ndi lipoti la chaka, ndikuyembekeza kuti nduna inene kuti zalandiridwa. Ngakhale mawu athu amaloza komweko. Kulamba ndi kulambira n'zapachibale. Ndipo "kupembedza" ndi mawu omwewo amene timanena potonthoza mwana wolira kapena munthu wokwiya. Ine ndinkapembedza Mulungu ngati munthu wosachedwa kupsa mtima, amene ukamulakwira pang'ono akulanda munda.

Ulemu woterewo suli wolakwika. Mulungu ndi Mfumu ndithu. Koma amene anakhalapo pabwalo la milandu m'mudzi anaonapo chinthu china. Mfumu ili pampando, nkhope yolimba, aliyense wavula chipewa, mlandu wa malire uli pakati. Kenako kamdzukulu kovala malaya okha, mamina ali pamphuno, kamadutsa pakati pa bwalo n'kukakwera pamwendo pa agogo ake, n'kuyamba kuseweretsa mabatani a jekete. Palibe nduna imene imakaletsa. Mfumu ndi yomweyo, mpando ndi womwewo. Kusiyana kuli pa amene wabwera: ena abwera ndi mlandu, iko kabwera kwawo.

Mu Juni 2003 amayi anagonekedwa ku St Francis, chipatala cha mishoni chija cha pa Katete chimene chinayamba mu 1948. Mtima unali utakula, miyendo itatupa. Nthawi yoona odwala ndinaima pambali pa bedi, Baibulo m'manja, n'kupemphera monga ndinkapempherera pamaso pa mpingo. Ndinayamba ndi maina onse aulemu a Mulungu, ndinatchula boma, madokotala, odwala a m'zipatala zonse ndi a m'ndende. Nditati ameni, amayi anatsegula diso limodzi.

"Aphunzitsi," anatero, poti ankandiitana choncho akafuna kundiseka, "kalata yanuyo mwaikapo sitampa?"

"Kalata iti, amayi?"

"Imene mumawerengayo. Imamveka ngati ija yopempha ntchito kuboma. Kodi amene mumawalemberawo munakumanapo nawo?"

Amayi a pabedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo pang'ono, koma m'njira yonse panjinga mawuwo ankandibaya.

Atatulutsidwa tinawatengera kunyumba kwathu. Chipinda chawo ndi chathu chinalekanitsidwa ndi chipupa chosafika kudenga. Usiku wina, tambala woyamba asanalire, ndinamva akulankhula. Ndinayesa kuti mwalowa munthu. Ndinatchera khutu.

"Inu, mwendowu wanditopetsa. Dzulo ndinakuuzani, lero ndi chimodzimodzi. Kaya mukuti bwanji. Koma poti ndinu, ndagonja." Anakhala chete kanthawi, ngati akumvera. Kenako anayamba kufotokoza za tsikulo: nkhuku yathadzi imene inaswa anapiye asanu, phala limene mpongozi wawo anawaphikira lothira nsinjiro, mdzukulu amene akuvutika ndi masamu. Pa za anapiye anathokoza, n'kuseka pang'ono. Atatero anayamba kutchula anthu. Anatchula mtsikana wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, yemwe ine ndinali nditangomulemba m'kope sabata lomwelo chifukwa cha pathupi. "Ameneyo ali ndi mantha. Benchi lakumbuyo lija ndikulidziwa, limazizira. Mukakhale naye monga munkakhalira ndi ine."

Pomaliza anafika pa ine.

"Ndiye mwana wanu uja, mphunzitsi. Amakugwirirani ntchito, inde, sindingamunamizire. Koma amagwira ngati waganyu. Amangowerenga mizere. Tamuitanani alowe m'nyumba, adzadye."

Ndinagona chagada, maso ali kumalata, mpaka kunja kunayera.

Aliyense wa kuno amadziwa ganyu. Mwezi wa Januwale, chimanga chikafuna kupalira ndipo nkhokwe zapepuka, munthu amabwera ndi khasu lake, mumapimirana ndime, mumagwirizana mtengo: ndalama zakuti, kapena mbale zingapo za ufa. Waganyu wabwino amalima bwino, nthawi zina kuposa ana a pakhomo. Koma maso ake ali pamalire a ndime. Akafika pamzere womaliza amapukuta khasu n'kudikira pansi pa mtengo, ndipo mukachedwa kumulipira amayamba kung'ung'udza, ndipo sakulakwa. Mwana wa pakhomo amalima munda womwewo, khasu lofanana, dzuwa lomwelo. Koma sapimirana ndi atate ake. Ng'ombe zikalowa m'munda usiku amadzuka osafunsa kuti alipidwa zingati. Akalakwitsa amakalipiridwa, komabe madzulo mbale yake ya nsima imakhalapo. Woima pamsewu sangasiyanitse awiriwa, pakuti onse awerama mofanana. N'chifukwa chake kope langa silikanatha kuwasiyanitsa.

M'mawa mwake ndinatsegula Luka 15, nkhani ya mwana wolowerera, imene ndinaiphunzitsa kosawerengeka. Nthawi zonse ndinkaima pa wamng'ono, kuchenjeza achinyamata za Lusaka ndi mabala ake. Tsiku limenelo ndinaona kuti ana onse awiri anali ndi nthenda imodzi. Wamng'ono pobwerera anakonzeratu mawu opempha kuti amulembe ntchito ngati mmodzi wa antchito olipidwa. Wamkulu, atamva ng'oma kunyumba, anakana kulowa, n'kuyamba kuwerengera atate ake zaka zimene wawagwirira ntchito osaphwanya lamulo, ndi kambuzi kamene sanapatsidwe. Wina akufuna kukhala waganyu, wina wakhala waganyu zaka zonse ali pakhomo pomwepo. Atate aja anakana zonse ziwiri. Anathamangira wamng'ono asanamalize pempho lake, ndipo anatulukira wamkulu panja kukamudandaulira, akumutchula kuti mwana. Yesu anaisiya nkhaniyo wamkuluyo ali chiimire panja. Ndinadziona nditaima pamenepo, kope lili m'khwapa.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti zimenezi zinali ponseponse, ine ndekha ndiye ndinkazidumpha. Mulungu anayamba watulutsa Aisraele ku Igupto, malamulo khumi n'kubwera pambuyo pa phiri la Sinai. Sanawauze kuti ayambe asunga malamulo kuti awaombole. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, amene mipingo ya Reformed imaphunzitsa mpaka lero, ali ndi magawo atatu: tsoka la munthu, chiombolo, ndi kuthokoza. Malamulo khumi amawamasulira limodzilimodzi m'gawo lachitatulo, pamodzi ndi pemphero. Ndiye kuti olemba ake ankaona kumvera ngati zikomo wa munthu amene walandira kale. Ine ndinatembenuza bukulo, n'kusandutsa zikomo kukhala mtengo wogulira. Yesu m'munda wa Getsemane anaitana Mulungu kuti Abba, mawu a mwana kwa atate ake m'chilankhulo cha kwawo, ndipo Paulo polembera Aroma ndi Agalatiya akuti mawu omwewo aikidwa m'kamwa mwathu. Pa Yohane 15 Yesu akuuza ophunzira ake kuti sakuwayesanso akapolo koma abwenzi, chifukwa kapolo sauzidwa za mumtima mwa mbuye wake.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi liwu limodzi limene omasulira Buku Lopatulika anasankha. Pofuna kunena za Yesu wotiimira kwa Atate, ndi za Mzimu Woyera wodzakhala nafe, anati Nkhoswe. Mchewa aliyense amadziwa kuti nkhoswe siilembedwa ntchito ngati loya wa ku Chipata. Nkhoswe ndi atsibweni ako, kapena mlongo wako, munthu wa magazi ako. Ukapalamula amakudzudzula kuseri, mwina koposa mfumu, koma pabwalo amakhala mbali yako, ndipo mbuzi ya chindapusa imachokera m'khola mwake. Sachita zimenezi chifukwa wakhala bwino chaka chino. Amachita chifukwa ndiwe mbumba yake. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola.

Wina anena kuti, "Mkuluyu wakalamba, wafewa. Tikachotsa malamulo mpingo usanduka msika." Nkhawa imeneyi ndimaimva, ndipo sindiipeputsa. Ndaika m'manda ana amene ndinawaphunzitsa, ophedwa ndi kachasu. M'zaka za m'ma 1990 tinkapita kumaliro sabata ndi sabata, ndipo ambiri akanakhala moyo akanasunga lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ndamvanso anyamata a masiku ano akunena kuti "ine ndi Mulungu wanga timamvana," pamene mkazi ndi ana anawasiya kumudzi opanda ndi mchere womwe. Kumeneko si kumvana. Ndi kupanga Mulungu wadothi amene amavomera zilizonse.

Koma taonani bwino: ubale umamanga munthu kolimba kuposa lamulo. Ine ndi amayi a kunyumba takhala zaka zoposa 40. Palibe buku limene linandilamula kuti ndikapita ku Katete ndiziwagulira kamzimbe, kapena kuti akadwala mutu ndizitsitsa wailesi. Ankhoswe anatipatsa malangizo tsiku la ukwati, ndipo ndi abwino, koma ndikanati ndizichita zokhazo zimene anatchula, bwenzi banja litazizira kalekale. Lamulo limati usachite chigololo. Chikondi chimafunsa kuti, "Nanga lero akhala chete chifukwa chiyani?" Mpanda wa dimba ndi wofunika, pakuti popanda mpanda mbuzi zimatha ndiwo. Koma palibe amapita kudimba kukathyola mpanda woti akadyere nsima. Ine ndinatha zaka 14 ndikukonza mpanda, osayang'ana ngati m'katimo mwamera kanthu.

Kuyandikirana ndi Mulungu sikuchotsanso ulemu, ndipo chilankhulo chathu chimatithandiza pamenepa. Atate ako suwanena kuti "iwe". Umati "inu", umagwada powapatsa madzi, komabe ndi omwewo amene unkawagonera pamsana pochokera kumunda. Amayi m'mapemphero awo onse sananenepo "iwe" kwa Mulungu. Ankadandaula, ankafunsa, nthawi zina ankachita ngati akukangana nawo, monga amachitira olemba Masalimo, koma "Inu" sankachoka pakamwa.

Ndipo amayi sananenepo kuti akulu anawalakwira. Masiku awo omaliza ndinalimba mtima n'kuwafunsa za zaka 7 zija. Anati mowa wawo unaphunzitsa mwana mmodzi, koma akudziwa nyumba ziwiri zimene unathandiza kupasula, ndipo zimenezo anazilirira pamaso pa Mulungu kambirimbiri. "Ndinkawauza kuti, Inu, njira ina sindikuiona, mundikhululukire, mwanayu akangomaliza ndisiya. Tsiku limene unalandira malipiro ako oyamba, mgolo uja ndinausandutsa wotungira madzi." Ndinafunsa chimene chinkawabweretsa kutchalitchi Lamulungu lililonse, mbale ikuwadutsa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Iwe, anandiletsa mkate. Mwini mkate sanandiletse. Ndikanapita kuti?"

Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Zoterezi zimatheka kulembedwa ndi kusainidwa. Koma chimene ndinamva kuseri kwa chipupa chija palibe pulezidenti, sinodi kapena mlembi wa bwalo angachilembere munthu. Mpingo ungamulozere khomo, ungamuchenjeze za maenje a m'njira, ndipo uyenera kutero. Kulowa n'kukhala pamphasa ndi kwa mwini wake.

Amayi anatisiya mu Ogasiti 2003, ng'oma za pa Mkaika zikuyesedwa. Titasesa, ndinatenga njinga n'kuwoloka dambo kupita kwa mtsikana uja. Kope ndinalisiya. Atandiona anathawira m'nyumba, poganiza kuti ndabwera ndi mlandu wina. Amayi ake anandiyalira mphasa ndi manja onjenjemera. Atatuluka ndinasowa chonena, pakuti mawu onse amene ndinkadziwa anali a pabwalo. Ndinangoti, "Mwanawe, agogo ako aja ankakutchula usiku uliwonse. Ndabwera kudzakuuza zimenezo." Analira, ine ndinayang'ana pansi. Kenako anabweretsa nsawa zokazinga m'kambale, tinadya. Chilango chake anachimaliza monga mwa dongosolo, sindinachifupikitse ndi tsiku limodzi. Koma miyezi yonseyo amayi a kunyumba ankakhala naye pabenchi lomaliza lija, ndipo mwana atabadwa ndinali woyamba mwa akulu kukamunyamula.

Ulembi ndinautula kumapeto kwa chaka chimenecho. Kupemphera ndiye ndinayamba kuphunzira ngati mwana wa Giredi 1, ndili ndi zaka 46. N'kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Lilime lozolowera kalata limafuna kuyamba ndi adiresi. Mpaka lero, ndikadzuka tambala woyamba asanalire, ndimadzipeza nditayamba kupereka lipoti: sabata lino ndayendera odwala atatu, chopereka ndapereka. Ndikazindikira ndimaleka, n'kukhala chete kanthawi m'mdimamo. Kenako ndimayambiranso pamene amayi ankayambira.

"Inu, ndine uja. Bondoli lero landivuta. Koma mvula ija yagwa bwino, nsawa zamera."